Miyendo ya Makina Anga

Bwezerani chinthucho pomwe mwachitenga, ana inu. Iwe Tadala, uchifunditsenso nsalu yake ija bwinobwino, fumbi lingalowe. Ndakutumani lichero kuseri kwa chitseko, inu mwakafika mpaka kunsi kwa bedi langa. Basi, poti mwachiona, umenewo ndi mutu wa makina osokera. Mukuti miyendo yake ili kuti? Khalani pansi, manja azisenda mtedza, pakamwa pasatafune, ndikuuzeni. Amayi anu nkhaniyi amaidziwa, koma akamaikamba amaithira shuga, chifukwa mwini nkhani anali bambo awo. Kwa ine anali mwamuna wanga, ndiye shuga ndilibe.

Makina amenewa anandigulira amalume anga pobwera ku migodi ya ku Joni, ndisanakwatiwe n'komwe. Anafika pa ngolo kuchokera pa Nsaru, mutu uli m'bokosi, miyendo ataikulunga m'masaka. Mukamva kuti miyendo musaganize timitengo ta thebulo. Chinali chitsulo chakuda, cholemera, chokhala ndi chopondera pansi ndi chigudumu pambali, ndipo lamba wachikopa ankachoka pa gudumupo kukazunguza mutu pamwamba. Ukaponda, singano inkathamanga yokha, manja onse awiri ali pa nsalu. Pakhonde apo, pamene mwatsamiritsa njinga yanu yakuthayo, ndi pamene ndinkakhala kuyambira m'mawa, ndipo theka la mudzi uno linakwatira ndi kubatiza ana litavala zosoka ine.

Matipate atabwera, kunabweranso kaunjika. Tsiku la msika pa Nsaru zovala zinkaunjikidwa pansi ngati mbatata, munthu n'kutola diresi labwinobwino pa mtengo wa ulusi. Inu mwakulira momwemo, mumavala malaya olembedwa zinthu zoti ngakhale aphunzitsi anu sangamasulire, n'kumati ndiye kutchena. Matelala ambiri anatseka, ena anatsala ongoika zigamba. Ine chinandipulumutsa ndi chinthu chimodzi chimene kaunjika sankabwera nacho, mabulauzi oyera a amayi a mumpingo. Amenewo ali ndi kadulidwe kake ndi kolala yake, ndipo mayi aliyense ankafuna yatsopano popita ku msonkhano wa misasa, umene unkachitika kukayamba kutentha, anthu atalonga zokolola m'nkhokwe. Mabulauzi amenewo ndi amene ankagula sopo, mchere ndi makope a amayi anu. Mugwire pamenepo, chifukwa nkhani yonse yagona pa mabulauziwo.

Agogo anu aamuna, a Mbewe, inu simunawadziwe. Yamikani yekha ndiye anamunyamulako ali wakhanda, iye n'kuwakodzera pa thalauza la ku tchalitchi. Kwawo kunali ku Nambuma, kuno anali mkamwini. Ukamwini wa nthawi imeneyo sunali uwu wa masiku ano, woti munthu afika ndi njinga yamoto n'kuyamba kulamula apongozi. Munda unali wanga, ana eni ake anali alongo anga, ndipo pakagwa nkhani pamudzi iwo ankamva pambuyo. Sankadandaula, koma ine ndinkaona kuti zikuwadya mumtima. Kumene anthu ankawaitana ndi ulemu wonse kunali ku tchalitchi kokha, ndipo chinawapatsa ulemuwo ndi galimoto.

Mpingo wathu unali ndi galimoto imene anasiya mzungu wina wa mishoni pobwerera kwawo, ine ndikadali kamtsikana. Inali ya mphuno yaitali, nyali zake zozungulira zili panja, kumbuyo kwake kuli kwa matabwa. Ikakana kulira ankailowetsa chitsulo kutsogolo n'kuipukusa mpaka itsokomole. Musaseke. Inu lero mutu ukangowawa mumaimbira foni wakabaza, koma ife wodwala tinkamugoneka pa ngolo, ng'ombe n'kumayenda mmene zafunira. Galimoto imeneyo inanyamula odwala kupita ku chipatala ku Kabudula, inanyamula maliro, inanyamula akwati, ndipo amayi anu anatsala pang'ono kubadwira kumbuyo kwake. A Mbewe anaphunzira umakaniko ali mnyamata ku esiteti ya fodya, ndiye osamala galimotoyo anali iwo, osalandira kanthu. Ankati ndi ntchito ya Ambuye. Ine sindinkatsutsa, ngakhale girizi wa ntchito ya Ambuyeyo wochapa ndinali ine.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula ili pakati, tayala lakumbuyo linayamba kukukuta, kenako galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa abusa. A Mbewe anati bering'i yatha. Bering'iyo anaipeza ndithu ku Lilongwe, atafufuza m'milu ya zitsulo zakale. Vuto linali kuifikira. Kuti uifikire uyenera kuchotsa habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, ndipo habu ya galimoto imeneyo inali itakhala pa nsonga ya ekiselo, mtanda wachitsulo wozunguza matayala, kuyambira nthawi ya mzungu uja, zitagwirana kuti gwa. Anaimenya ndi hamala, anaiwotcha ndi makala, anaithira palafini, habu osasuntha. Pankafunika chida chakechake chozulira, iwo ankati pula, chimene chinabwera ndi galimotoyo koma chinasowa kalekale. Anayenda m'magalaja a m'tauni kufunsa. Anyamata a kumeneko, ozolowera maminibasi, ankangowauza kuti, "Madala, imeneyo kagulitseni kwa ogula zitsulo, mugule njinga." A Mbewe ankabwera kunyumba nkhope ili ndwii.

Tsiku lina titangomaliza kukolola, ndinawapeza atagwada pakhonde, akukankha chopondera cha makina anga ndi dzanja, maso ali pa gudumu.

"Anaphiri," anatero, "mundibwereke miyendoyi."

"Miyendo yanji?"

"Ya makinayi. Mutu ayi, mutu muusunge. Ndikufuna chozunguzira chitsulo kuti ndichiseme. Pula ija ndipanga ndekha."

"Nanga mabulauzi a amayi? Nsalu zayamba kale kubwera."

"Misasa ikadali kutali. Habu ikangozuka, miyendo yanu ibwera tsiku lomwelo. Ndikulonjezani."

Ndinavomera. Munthu amene wakhala miyezi asakuseka akakupempha chinthu maso akuwala, umavomera, ndipo inu atsikana mudzandikumbukira.

Anachotsa mutu uwo, ine n'kuukulunga m'nsalu. Pamalo pake anakhomapo thabwa lochindikala, pathabwapo n'kumangapo shafuti ya chigayo chakufa, lamba anadula ku tayala lakale. Ukaponda pansi, shafutiyo inkazungulira pamodzi ndi chilichonse chimene wamangirira kumapeto kwake. Chopangira pula chinali chimbale chachitsulo, chochindikala ngati chikhatho changachi, chimene anakapempha ku esiteti kuja, cha pa pulawo ya thirakitala. Bawuti yaikulu ya pakati anaichotsa ku jeke yodindira fodya imene inathyoka, ndipo nati yake anakawotcherera pa chimbalecho ku Nsaru. Mpeni wosemera anaupanga kuchokera ku tupa, anaunola pa mwala, kuuwotcha mpaka kufiira, n'kuuviika m'mafuta akuda. Mutu anali nawo bambo amene uja, zimenezo sindingawalande.

Chimene sanaganizire n'choti munthu mmodzi sangaponde ndi kusema nthawi imodzi. Anayesa. Phazi likathamanga dzanja linkanjenjemera, dzanja likakhazikika phazi linkaiwala, mpeni n'kuluma chitsulo, lamba n'kuvuka. Posakhalitsa ndinamva, "Anaphiri, tabwerani mundipondereko pang'ono, phazi lanu n'lozolowera." Pang'ono ameneyo anatha nyengo yonse yachisanu.

Kusoka nsalu n'kopepuka, ana inu, phazi limangovina. Kusema chitsulo umaponda ndi msana wonse, osafulumira, osachedwa, apo ayi mwini ntchito akuyang'ana ndi diso loipa. Tinkayamba mame asanaume, zala zili gwa ndi chisanu, anzanga akutongola chimanga padzuwa n'kumaseka nkhani zawo. Chitsulo chinkalira mpaka agalu kuthawa pamudzi. Tizitsulo totentha, topotanapotana, tinkagwera pa mapazi anga. Suzumira apa iwe Chisomo, madontho akudawa si ukalamba ayi. Pofika madzulo chimbale chija chinkaoneka chimodzimodzi ngati m'mawa, koma iwo ankachisisita ndi chala n'kunena kuti zikuyenda. Bondo ili mumaliseka likamalira ndikamadzuka linayambira pamenepo.

Tsiku lina ndinatopa, ndinati basi, galimotoyo iwolere pomwepo. Tikulankhula choncho, ngolo inadutsa pamsewu itanyamula mayi wodwala, mwamuna wake akuthamangitsa ng'ombe ndi chikoti kulowera ku Kabudula. A Mbewe anangondiyang'ana. Ndinabwerera pa mpando n'kuyambanso kuponda. Ndikukuuzani izi kuti musamati agogo aakazi anali ouma mtima, galimotoyo nanenso ndinkaifuna.

Poti choyezera chenicheni analibe, anatenga dongo la mbiya n'kukalimata pa habu kuja, kuti litenge maonekedwe ake ndi malo a mabawuti a tayala. Anabwera nalo atalifumbata bwinobwino, analiumika pamthunzi, ndiye poboola chimbale ankatsata dongolo. Dongo likauma limachepa. Mkazi aliyense amene anaumbapo mphika akanawauza, koma sanafunse, ndipo ine ndinkayesa akudziwa. Tsiku limene anapita kukayesa, mabowo anaphonya mabawuti pang'ono chabe, mpata wa njere ya mapira. Chimbale chonse chinatayidwa. Anapitanso ku esiteti kukapempha china, tinayambiranso poyamba, ulendo uno akudinda habu ndi pepala la simenti lopaka girizi.

Nthawi yonseyi nsalu zoyera zinkachuluka m'dengu. Amayi ankabwera n'kupeza telala wawo akupondera chitsulo, chitenje chili bii.

"Anaphiri, bulauzi yanga ija ili pati kodi?"

"Ikubwera, mayi. Tingomaliza za galimotozi."

"Misasa yayandikiratu."

A Mbewe ankayankhira ali chiweramire: "Musadandaule, amayi. Akazi angawa akakhala pa makina sachedwa."

Chida chinatha, ndipo chinali chokongola, chosalala, chonyezimira, chokumbika pakati pokwana habu ndendende, bawuti ya jeke ija italowa ndi nsonga yake yosemedwa bwino. Tsiku lozula ndinapita nawo. Amuna anadzaza pansi pa mango, abusa ataima manja ali kumbuyo. Abusawo anali achinyamata, obwera kumene, odziwa kulankhula. A Mbewe anamanga chimbale pa habu ndi manati a tayala, analowetsa paipi yaitali pa sipanala, n'kuyamba kupota pang'onopang'ono. Panalibe wotsokomola. Bawuti inkakankha ekiselo, chimbale chikukoka habu, chitsulo chikung'ung'udza. Kenako panamveka phoo ngati mfuti, nkhuku za abusa zinamwazika, habu ili m'manja mwawo. Sindikubisirani, ndinanyadira. Ndinayang'ana mwamuna wangayo akupukuta thukuta, eni mudzi uno akumugwira chanza mmodzimmodzi, ndinati bondo langa silinavutike pachabe.

Pobwerera ndinati, "Habu yazuka, a Mbewe."

"Yazuka. Mungodikira Lamulungu lidutse. Ndi la masika, abusa akufuna anthu aone chimene tinapangira."

Masika inu mumawadziwa, ngakhale masiku ano ambiri amangoponya envelopu. Kale tinkabwera ndi zakumunda zenizeni. Kutsogolo kunkadzaza matumba a chimanga, mtedza, maungu, nkhuku zomanga miyendo, mbuzi ikulira pakati pa nyimbo. Abusa ankapempherera zonsezo, zikatero zasanduka za Mulungu. Chaka chimenecho galimoto inafika ikuliza hutala, ataikongoletsa ndi maluwa, kumbuyo kwake kuli pula ndi miyendo ya makina anga. Achinyamata anazinyamula n'kuziika pakati pa maungu. Ine ndili kumbali ya amayi, ndinkangoti n'zoonetsa anthu.

"Abale," anatero abusa, "ena mwabwera ndi chimanga, ena ndi nkhuku, Mulungu akudalitseni. Koma taonani masika a bambo Mbewe. Iwowa abweretsa nzeru zawo ndi thukuta lawo. Chida ichi, pamodzi ndi makina ochipangira, akuzipereka ku nyumba ya Mulungu, kuti galimoto yathu ikadzadwalanso mankhwala adzakhale pafupi. Si choncho, bambo Mbewe?"

Mpaka lero sindidziwa ngati anapangana kale, kapena abusa anangotengeka ndi pakamwa pawo. Chimene ndinaona n'choti a Mbewe anaimirira, anakonza jekete, osayang'ana mbali yathu ngakhale pang'ono, n'kunena kuti, "Ndi choncho, abusa." Mpingo wonse unaomba m'manja. Abusa anaika dzanja pa gudumu limene ndinkalipukuta ndi kulithira mafuta chiyambire utsikana wanga, n'kupemphera pemphero lalitali. Amayi analulutira, omwe aja nsalu zawo zinali m'dengu mwanga, ndipo wina anandigunda ndi chigongono: "Lulutani, Anaphiri, ndi amuna anu amenewo." Ndinalulutira.

Kunyumba ndinadikira adye kaye.

"Munalonjeza, a Mbewe."

"Ndikanati chiyani, Anaphiri, mpingo wonse ukundiyang'ana? Ndikanati abusa anama?"

"Mukanati pula ndi yanga, tengani, koma miyendo ndi ya akazi anga."

Anayamba kutokosa girizi m'zikhadabo. Kenako anati, "Zapemphereredwa. Chinthu chikaikidwa manja sichibwerera kunyumba. Tidzagula ina fodya akadzachita bwino." Fodya wake uti sindinkadziwa, munthu chaka chonse anathera kunsi kwa galimoto.

Ndinapita kwa akulu a mpingo ndekha. Zinthu za masika zikapemphereredwa zimagulitsidwa, zopezekazo n'kulowa m'thumba la mpingo, ndiye ndinati, "Ndigulitseni miyendo ija monga mwagulitsira nkhuku ndi maungu." Tangoganizani, kupempha kugula chinthu chako chomwe. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kundiuza mofatsa kuti zimenezo si zogulitsa, ndi za galimoto. Mmodzi anandiperekeza mpaka panja n'kunditsina khutu: "Mayi, dzina la amuna anu likutchulidwa pa ukulu wa mpingo. Musawaonongere."

Amayi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, aliyense ndi chifukwa chake, ulendo wa kwa telala wa pa Nsaru. Dengu linkaphwa ndikuona. Ndinkadziwa kuti mayi akazolowera telala wina sabweranso. Zitatsala nsalu zochepa, mtima unandiyaka, ndinati izi ndiye ayi.

Loweruka linali tsiku la amayi a kuno kusesa m'tchalitchi. Anzanga atapita, ndinalowa m'chipinda chakumbuyo mmene ankasungiramo zinthu. Ndinamasula thabwa ndi shafuti n'kuziika pakona pamodzi ndi pula yawo, imeneyo sindinaifune. Sipanala ndinali nditaidziwa, nyengo yonse ija sindinkangoponda. Ndinapota nkhata ya chitenje, ndinakwezera miyendo pa benchi, ndinagwada, n'kusenza. Sindinazembe ayi. Ndinadzera njira yaikulu dzuwa lili pamutu, anthu akundiona, chitsulo chikundidinda khosi, mumtima ndikuti wofuna kundidula mumpingo andidule, koma Lolemba ndikhala ndikusoka.

Nditawoloka dambo, denga la nyumba ino likuoneka, ndinaona a Mbewe akubwera kutsogolo kwanga. Wina anali atawauza kale. Atandiona anafulumira, manja ali m'mwamba, monga achitira munthu polandira mnzake wochokera kutali ndi katundu.

"Pepani, Anaphiri, mwalemedwa. Tulani, ndikulandireni."

Mawu awo anali ofatsa. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndinati mwamuna wanga wakumbukira kuti ali ndi mkazi. Ndinawerama, iwo ananditula, khosi linapepuka. Anaika miyendo ija paphewa, anaikhazika bwino, n'kundidutsa, kulowera njira ya ku tchalitchi. Ndinatsala chiimire pakati pa njira, nkhata ili pamutu, ndikuyang'ana msana wawo mpaka anawoloka dambo. Sanacheuke.

Ukulu anaupeza chaka chomwecho, ndipo anali mkulu wabwino, aliyense angakuuzeni. Nsalu zotsala ndinabweza ndekha khomo ndi khomo. Fodya sanachite bwino. Galimoto inayenda zaka zingapo, injini n'kufa, pula ija sinagwirenso ntchito kachiwiri, ndipo atabwera abusa ena zonse zinakwera lole ya ogula zitsulo zakale, miyendo yanga ili momwemo. Pamenepo panalibe amene anakumbukira zoti zinaikidwa manja.

Ine ndi agogo anu tinakhala limodzi mpaka imfa yawo. Ndinawaphikira, ndinawachapira, atadwala ndinawasambitsa ndi manja angawa, ndipo pa maliro awo ndinalira zenizeni. Koma kuchokera tsiku la padambo lija, ndikamabwera ndi nkhuni kapena ndowa ya madzi, iwo n'kudzuka pakhonde kuti andilandire, ndinkawalambalala, n'kukatula ndekha kuseri kwa nyumba.